Nkhope ya Katoni

Lachitatu, belu lomaliza likalira,
timakankhira mabenchi kukhoma.
Chiperoni chimalowera pazenera losweka
n'kufewetsa makatoni a sopo
amene tinapempha pagolosale ku Luchenza.
Guluu wathu ndi phala la chinangwa,
utoto ndi makala, katondo, ndi tizidutswa ta choko.

Makolo awiri anabwera kudzafunsa
ngati ndatsegula dambwe pasukulu ya mishoni.
Ndinawapatsa chigoba chimodzi kuti achigwire.
Anachitembenuza, nawerenga mkati mwake
dzina la sopo ndi mtengo wa chaka chatha.
Anabwerera akung'ung'udzabe, koma pang'ono.

Eneresi Namakhwa sayankhula m'kalasi.
Teremu yonse ndamumva kawiri,
"ndilipo" ndi "ndaiwala".
Koma chigoba anamaliza ndiye woyamba:
masaya ogwa, nsidze zokumana pakati,
pensulo yomatidwa pamwamba pa khutu.
Kalasi yonse inakuwa pamodzi: A Mukhito!
Kalaliki wa pasikelo ku esiteti,
uja amadula makilo a amayi awo,
ati tiyi wanyowa, ati mwathyola ndi mitengo yomwe.

Anavala. Anatulutsa mimba, nakhotetsa khosi,
nauwa ngati galu wa pageti.
Anzake anafa nacho chiseko,
Layitoni mpaka kugubuduka pasimenti.

Ndinati, vula.
Uyo si munthu, ndi mkwiyo wako wavala nsapato.
Tandiuza, wadzuka nthawi yanji lero?
Walawa chiyani asanakwere njinga?
Kukazizira chonchi, chimamupweteka n'chiyani?
Buku amalembamolo amakalipereka kwa yani,
ndipo akamalowa mu ofesi imeneyo
chipewa amachigwira bwanji?

Sanayankhe.
Chigoba anachilowetsa m'jumbo, napita nacho.

Sabata yotsatira anaima pakhomo nthawi yaitali,
katoni ili kumaso, manja ali lende.
Ndinangoti mwina mantha amugwira.
Kenako analowa,
mwendo wamanzere ukutsalira pang'ono
ngati mwana amene sakufuna kupita kusukulu.
Anakoleka dengu losaoneka pasikelo yosaoneka,
nayang'ana muvi,
nacheukira kumsewu
kumene imaima galimoto ya manijala,
nayang'ananso muvi.
Mawu anatuluka otsika, osasa, si ake ayi:
"Eyitini, mayi. Pitani.
Musandiyang'ane choncho."
Dzanja lolembalo linkanjenjemera,
linalo linalipsinja pabuku kuti likhale chete.

Palibe anaseka.
Tinamva madontho akuwerenga malata,
thirakitala ikukwera chitunda ndi masamba a madzulo.
Nkhope ya katoni ija sinasinthe n'komwe,
ine ndemwe ndinaona ikuuma padzuwa,
koma ndikulumbira, inakalamba tikuyang'ana.

Atavula, thukuta linali litasungunula makala,
mzere wakuda kuchokera pachipumi mpaka pachibwano.
Ndinafunsa: mwendo uja wautenga kuti?
Anati, Loweruka ndinawatsatira.
Njinga sakwera pokwera phiri, amakankha.
Anagula nthochi ziwiri, imodzi anaika m'thumba.
Pageti la bwana anavula chipewa
kusanatuluke munthu aliyense.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zija timanena aphunzitsi,
za kumvetsa mnzako, za mtima,
koma ananditsekereza, maso ali pa ine koyamba:
"Sindinawakhululukire, madamu.
Makilo a amayi ndi omwe aja.
Ndangodziwa m'mene amayendera basi."

Ana atapita ndinakoleka zigoba pamisomali,
wogulitsa nanazi, namwino, kondakitala wa minibasi,
onse akuyang'ana bolodi ndi maso obowoka.
Cha a Mukhito ndinachigwira kanthawi.
Mkati munali mofunda,
mukununkha chinangwa ndi mpweya wa mwana.
Ndinachiyandikiza kumaso, ndinaleka.
Mawa ndili ndi mayeso oti ndichonge,
nanenso ndili ndi cholembera chofiira,
ndi ofesi imene ndimalowa nditawerama.